Makatiriji a ku Japan akukana pa Super Nintendo yanga: kodi adaputa ithandiza?

Owerenga wina wa ku Area 25 wafunsa motere: "Ndili ndi Super Nintendo imene malume anabwera nayo kuchokera ku UK kalekale, komanso Sega Mega Drive yoyamba ija imene mkulu wanga anagula ku Joni. Zonse zikuyenda bwinobwino. Tsopano mnzanga amene anali pasukulu ku Japan wandibweretsera makatiriji thumba lonse, ndipo ena ochepa ndinagula kwa munthu amene anachoka nawo ku America. A Nintendo a ku Japan akulowa koma TV ikungoti bii. A ku America sakulowa n'komwe. A Sega a ku Japan nawonso akukakamira pakhomo. Wina akuti ndiwapale ndi tupa, wina akuti ndiitanitse adaputa. Ndigule iti?"

Achimwene, tupayo ibwezeni kaye m'bokosi. Katiriji yopalidwa sibwereranso mwakale, ndipo pa Super Nintendo yanuyo kupala sikungathandize, chifukwa chimene chikudetsa TV si pulasitiki ayi. Adaputa imodzi yogwira pa makina onse awiri nayonso kulibe. Nintendo ili ndi yake, Sega ili ndi yake, ndipo iliyonse imachotsa vuto limodzi kapena awiri n'kusiya ena ali pomwepo. Ndalama zakunja nonse mukudziwa mmene zikuvutira masiku ano, ndiye musanaitanitse kanthu tiyeni tione kuti katiriji iliyonse ikukanira pati.

Khuthulani thumbalo patebulo muwasanje. Pa pepala lomatidwa kutsogolo kwa katiriji ya Nintendo pali tizilembo ting'onoting'ono timene anthu ambiri satiwerenga. Tikayamba ndi SHVC, ndi ya ku Japan. Tikayamba ndi SNS n'kuthera ndi USA, ndi ya ku America. Tikayamba ndi SNSP, ndi ya maiko a TV za mtundu wa PAL, monga a ku Ulaya, ndipo za ku UK zimathera ndi UKV. Zomalizazi ndi zimene makina anu amadya popanda chovuta. Mulu umene wakula kwambiri ndi umene utiuze choyenera kugula.

Makina a Super Nintendo anatuluka katatu: ku Japan mu 1990 ndi dzina loti Super Famicom, ku America mu 1991, ku Ulaya mu 1992. Mkati mwake ndi pachibale kwambiri, koma Nintendo sinkafuna kuti katiriji yogulidwa ku Tokyo izigwira ku London, pakuti dera lililonse linali ndi mitengo yake, ogulitsa ake ndi nthawi yake yotulutsira magemu. Choncho anatseka njira ziwiri. Yoyamba ndi kaumbidwe. Makatiriji a ku Japan ndi a ku Ulaya ndi ofanana thupi, ozungulira m'makona, pamene a ku America ndi otambalala ndi a makona akuthwa, moti pakhomo la makina anuwo sangadutse. Yachiwiri ndi katchipi kotchedwa CIC. Kamodzi kali m'makina, kena kali m'katiriji iliyonse. Mukangoyatsa, tiwiriti timatumizirana manambala, ndipo akapanda kugwirizana makina amadzigwira okha osayamba gemu. Ndiko kuda kwa TV mukukuonako. Japan ndi America anapatsidwa CIC yamtundu umodzi, Ulaya yakeyake. Ndiye a ku Japan anuwo akudutsa pakhomo n'kukagwidwa ndi tchipi, pamene a ku America akulephera zonse ziwiri.

Adaputa imene inapangidwira vuto limeneli ili ndi mipata iwiri, wina pamwamba, wina kumbuyo. Pamwamba mumaika katiriji yachilendoyo, kumbuyo mumaika ina iliyonse ya SNSP imene muli nayo kale. Makina akafunsa manambala, imene imayankha ndi yakumbuyoyo, koma gemu imene imawerengedwa ndi yapamwamba, ngati munthu wolowa pageti ataonetsa chiphaso cha mnzake. Makampani ngati Datel ya ku England anagulitsa zambiri zoterezi m'zaka za m'ma 1990, chifukwa magemu ena otchuka, monga Chrono Trigger ya 1995 ndi Super Mario RPG ya 1996, sanatuluke n'komwe pa Super Nintendo ya ku Ulaya. Ubwino wake waukulu kwa ife ndi woti makina amakhalabe a PAL, choncho TV iliyonse ya kuno ionetsa mitundu bwinobwino, ndipo tchaja ya malume ija ndi yomwe ija ya mapini atatu yolowa m'soketi zathu. Simutsegula kanthu, simuwotcherera kanthu.

Koma ubwino womwewo ndi umene ukubala vuto loyamba. TV za PAL, zimene timagwiritsa ntchito kuno, ku South Africa ndi ku UK, zimajambula chithunzi maulendo 50 pa sekondi. Za NTSC za ku Japan ndi America zimajambula maulendo 60. Magemu a nthawi imeneyo ankawerengera liwiro lawo pa kujambulako, ndiye gemu yopangidwira 60 ikaseweredwa pa 50 imachepa liwiro ndi pafupifupi 17 peresenti. Wothamanga amathamanga mwaulesi, wodumpha amachedwa kutera, ndipo chithunzi chimafinyika n'kusiya mizere yakuda pamwamba ndi pansi. Adaputa siingakonze zimenezi, chifukwa liwirolo limachokera pa bolodi ya makina, osati pa katiriji. Amene tinakulira pa PAL nthawi zambiri sitiziona mpaka tsiku limene taona gemu yomweyo pa makina a ku Japan. Zikatero maso sabwereranso.

Vuto lachiwiri ndi loti opanga magemu anazindikira za maadaputa. Magemu ambiri otuluka cha m'ma 1993 kupita m'tsogolo amafunsa okha tchipi yojambula zithunzi kuti ikuyenda pa 50 kapena pa 60. Akapeza kuti si kwawo, amaima n'kulemba uthenga wachingerezi woti gemuyi siinapangidwire makina amenewa. Donkey Kong Country ya 1994 ndi imodzi mwa oterewa. Apa chiphaso cha mnzanu chija sichigwira ntchito, popeza wofunsa si CIC. Zipangizo zina, monga Action Replay, zimayesa kuzemba funsolo polowetsa manambala apadera a gemu iliyonse, koma ndi ntchito yofuna kuleza mtima ndipo si magemu onse amene amalola.

Lachitatu muliona ndi maso. Tembenuzani makatiriji anu muyang'ane kunsi kumene kuli mano agolide. Ambiri ali ndi mzere umodzi wapakati wokha, mapini 46. Ena ali ndi timano tina tapadera kumanzere ndi kumanja, tolekanitsidwa ndi kampata, kufikitsa onse pamodzi 62. Amenewa ali ndi tchipi yothandizira mkati mwawo, monga Super FX ya mu Star Fox ya 1993, imene ku Ulaya inatchedwa Starwing. Maadaputa akale ndi otchipa ambiri alibe timano tam'mbalito, ndiye magemu oterewa sayamba. Ndipo palinso gulu lina, la tchipi yotchedwa SA-1, limene Super Mario RPG ndi Kirby Super Star ali m'menemo. Mmenemu ntchito ya CIC ili mkati mwa SA-1 momwemo, ndipo ikapanda kulankhulana yokha ndi makina gemu imadzitsekera. Pa adaputa ya mipata iwiri musayembekezere zambiri kwa amenewa.

Pali kanthu kenanso kamene ogulitsa satchula. Adaputa ndi makatiriji awiri zikasanjikizana zimatalika n'kumagwedera. Mwana akakoka waya wa padi, kapena wina akagunda tebulo pobweretsa tiyi, gemu imauma pomwepo, ndipo nthawi zina zimene munasunga m'katiriji zimafufutika. M'nyumba ya ana ambiri zimenezi si zachilendo.

Tsono nali ganizo langa pa Nintendo. Ngati mulu wa SHVC uli wa makatiriji atatu kapena anayi, ndipo onse ndi a mzere wapakati wokha, adaputa ya mipata iwiri ikukwanirani. Koma mwanena thumba lonse. Thumba lonse likufuna makina akeake, Super Famicom yeniyeni. Anagulitsidwa ochuluka zedi ku Japan ndipo ogwiritsidwapo kale ntchito savuta kupeza kumeneko, makamaka amene pulasitiki yake inasanduka yachikasu, zimene sizikhudza kagwiridwe kake ka ntchito. Mnzanu uja ayenera kuti akudziwa wina amene akubwera. Pa makina amenewo a ku Japan onse alowa n'kuyenda pa liwiro lawo, a Super FX ndi SA-1 omwe, ndipo a ku America aja angofuna kaadaputa kosavuta ka mpata umodzi, kopanda nzeru iliyonse mkati, kongotalikitsa khomo, pakuti CIC yawo ndi imodzi. Onetsetsani chabe kuti kali ndi mapini onse 62.

Njira ina ndi kusintha makina a malumewo. Akale ankangodzutsa mwendo wachinayi wa CIC pa bolodi kuti isamafunsenso, n'kuika swichi ya 50 ndi 60. Zimagwira, koma magemu ena a SA-1 amakana CIC yogona. Masiku ano kuli katchipi kotchedwa SuperCIC kamene kamalowa m'malo mwa CIC yakale n'kumayankhulana ndi katiriji ya dera lililonse. Ntchito yake ndi yowotcherera timiyendo tating'ono kwambiri. Ku Old Town kuli anyamata okonza mafoni amene dzanja lawo silinjenjemera, ndipo luso la ntchito imeneyi ali nalo, kungoti ambiri sanatsegulepo Super Nintendo. Mukapita musapite chimanjamanja. Tengani chithunzi cha mawaya chogwirizana ndi bolodi yanu yeniyeniyo, chifukwa mabolodi anasinthasintha pa zaka, ndipo mukhale pomwepo ntchito ikuchitika. Tenganinso sikuludiraiva yake, yotchedwa gamebit, ya 4.5 mm pa makina ndi 3.8 mm pa makatiriji. Popanda imeneyo mudzaona munthu akutenga pulayazi. Ine makina a chikumbutso ngati amenewo sindikanawapereka poyamba. Ndikanayamba ndi ena ogula.

Musanasangalale kwambiri ndi thumbalo, kumbukirani kuti adaputa siimasulira Chijapani. Magemu a ndewu, a magalimoto, a mpira ndi a Mario mudzasewera osamva liwu ndi limodzi lomwe. Koma aja a nkhani zazitali, oyenda m'midzi n'kumalankhula ndi anthu, ndiwo amene amachuluka m'matumba otchipa a ku Japan, ndipo mudzangoyang'ana zilembo. Awerengeni padera posankha zogula.

Ku Mega Drive nkhani ndi yopepuka, chifukwa Sega sinaike CIC. Makinawa anatuluka ku Japan mu 1988, ku America mu 1989 ndi dzina loti Genesis, ku Ulaya mu 1990. Makatiriji a Genesis ndi a PAL ndi ofanana thupi ndipo amalowa mwa wina ndi mnzake. A ku Japan okha ndiwo ali ndi kaumbidwe kena m'mbali, n'chifukwa chake akukakamira. Magemu ambiri oyambirira, mpaka cha m'ma 1992, safunsa za dera, ndiye chilichonse chotalikitsa khomo chimakwanira. Game Genie, imene inapangidwira kubera m'magemu, anthu ambiri amaigwiritsa ntchito imeneyi. Ena mwa magemu akalewa ndi katiriji imodzi ya dziko lonse: Bare Knuckle ya ku Japan mukaiika pa makina a ku Joniwo idzadzitcha Streets of Rage, chifukwa imawerenga makina n'kusankha dzina.

Kuwerenga komweko ndi kumene magemu a pambuyo pake anakusandutsa loko. Pa bolodi ya Mega Drive pali timalumikizidwe tiwiri, kena kouza gemu kuti makinawa ndi a ku Japan kapena a kunja, kena kouza kuti ndi a 50 kapena 60. Gemu ikapeza yankho losaikonda imakana. Maadaputa a mtundu wa Mega Key ali ndi timaswichi ting'onoting'ono m'mbali timene timanamiza gemu pa mafunso awiriwa. Amagwira pa magemu ambiri, koma ndi bodza chabe: makina amayendabe pa 50, ndipo Sonic amathamangabe mwaulesi, nyimbo yake yomwe ikukokeka.

Pa Mega Drive yoyamba ngati yanuyo, ine ndimakonda maswichi enieni. Timalumikizidwe tija talembedwa pa bolodi kuti JP1 mpaka JP4, tili poonekera, ndipo wokonza mawailesi aliyense wodziwa ntchito angathe kudula timizere n'kulumikiza maswichi awiri otchipa. Mukatero makina amasanduka a ku Japan, a ku America kapena a ku Ulaya mwa kufuna kwanu, ndi liwiro lenileni. Chenjezo ndi limodzi: Mega Drive ya PAL ikaikidwa pa 60, chithunzi chodzera pa waya wachikasu wa AV kawirikawiri chimataya mitundu n'kukhala chakuda ndi choyera. Chodzera pa waya wa RGB, wa pulagi yaikulu ya SCART, sichitaya, koma TV za SCART kuno ndi zochepa, makamaka zimene zinabwera ndi anthu ochokera ku UK. Ngati TV yanu ilibe, uzani wokonzayo kuti nkhani ya mitundu aiganizire asanatseke. Pa khomo lija, ngati simukufuna adaputa, apa ndi pamene tupa ingagwire ntchito: mumachotsa chivundikiro cha makina, n'kupala pang'onopang'ono makona a khomolo, mukuyesa ndi katiriji. Khomo, osati katiriji. Ndipo chivundikirocho chikhale kutali ndi bolodi pamene mukupala.

Simunafunse za ena, koma m'thumba lochokera ku Japan simulephera kupezeka alendo. Mukapeza timakatiriji tating'ono tamitundumitundu ta mapini 60, ndi ta Famicom ya 1983, makina a Nintendo amene anatuluka Super Famicom isanabwere, ndipo timalowa mwachindunji m'ma TV gemu aja tinkagula m'mashopu, a makatiriji achikasu olonjeza magemu zikwizikwi pamene alipo ochepa obwerezabwereza. Makina amenewo ndi otengera Famicom ndipo alibe loko. NES, imene ndi Famicom ya ku America ndi ku Ulaya, ili ndi mapini 72, ndiye pakati pa ziwirizi pamafunika adaputa ya 60 kupita ku 72 kapena mosemphanitsa. Pa zimenezi yang'anitsitsani mbali imene yalembedwa kuti kutsogolo, chifukwa pa maadaputa ena nkhope ya katiriji imayang'ana kumbuyo, ndipo kuilowetsa chagada kungathe kuiotcha. A Game Boy, Game Boy Color ndi Game Boy Advance alibe malire a dera, ingolowetsani. A Nintendo 64 ali ngati Super Nintendo: Japan ndi America amasiyana timipata ta kumbuyo kwa katiriji basi, PAL ili ndi tchipi yake.

Tsopano nkhani imene ndimaiopa kuposa zonsezi, makamaka ngati mutsatire malangizo anga ogula Super Famicom. Magetsi a m'nyumba zathu ndi 230V. Ku Japan ndi 100V, ku America ndi 120V. Tchaja ya ku Japan ili ndi timapini tiwiri tophwatalala timene timalowa bwinobwino m'ma ekisitenshoni a mabowo olandira pulagi iliyonse amene adzaza m'misika yathu, ndipo kulowako ndi kumene kumapusitsa anthu. Pa benchi yanga zimafika tchaja zoterezi zitatupa m'mimba, zikununkha vanishi wopserera, mwini wake akulumbira kuti anangoyatsa kamphindi. Kamphindi n'kokwanira. Tchaja ya ku Japan musaiyese n'komwe, pokhapokha muli ndi thiransifoma yotsitsa magetsi. Chanzeru ndi kuisiya m'kabati n'kupeza ya 230V yotulutsa zimene makina akufuna.

Zimene Super Famicom ikufuna zalembedwa pa tchaja yake: DC 10V, 850 mA, ndipo pakati pa pulagi ndi negetivi. Mawu omalizawa ndi ofunika kwambiri. Tchaja zambiri zimene zili m'nyumba mwanu, za dikoda, za rauta, za tiwailesi, pakati pake ndi pozitivi, ndipo zambiri ndi 12V. Pulagi ingalowe, koma magetsi adzalowa chobwerera. Yang'anani kachizindikiro ka timizere ndi kadontho pa tchaja iliyonse, kamene kamaonetsa ngati kadontho kapakati kalumikizidwa ku + kapena ku −. Mwayi wanu ndi woti tchaja ya Mega Drive yoyamba imatulutsa DC ya pakati negetivi pa mphamvu yoyandikana, ndipo anthu ambiri amayendetsera Super Famicom imeneyo. Ya Mega Drive yachiwiri ndi ina, pulagi yake ndi yaing'ono ndipo pakati ndi pozitivi.

Tsoka lanu ndi loti m'nyumba momwemo muli tchaja ina yoopsa kwa mlendoyo, ndipo ndi ya malume ija. Super Nintendo ya ku UK, mofanana ndi NES, imalandira 9V AC, osati DC, ndipo imawongola magetsiwo mkati mwake. Super Famicom ndi Mega Drive zilibe chowongolera chimenecho. Tchaja yalembedwa Nintendo, makina alembedwa Nintendo, mapadi akufanana, ndiye mphwanu wobwera kudzacheza Loweruka adzalumikiza mosakayika. Mukachita mwayi idzapsa fyuzi yokha. Tsiku limene Super Famicom idzalowe m'nyumba, tengani selotepi ya pepala ndi cholembera, mumate pa waya wa tchaja iliyonse pafupi ndi pulagi, mulembe dzina la makina ake ndi zilembo zikuluzikulu. Ndipo magetsi akathima, zulani zonse pakhoma, chifukwa pobwera nthawi zina amabwera ndi mphamvu, ndipo zida za zaka zoposa 30 sizipirira ngati zatsopano.

TV nayo muiyese musanagule. Super Famicom imatulutsa NTSC. TV zambiri zamakono zophwatalala zimalandira NTSC pa mabowo achikasu, oyera ndi ofiira aja, ngati zili nawo, ndipo TV zambiri za chimsana zimene zinalembedwa kuti multi-system zimalandiranso. Ya PAL yokhayokha idzaonetsa chithunzi chopanda mitundu kapena chogudubuzika. Onani m'menyu ngati muli posankha NTSC kapena Auto. Za waya wa mlongoti iwalani: matchanelo 1 ndi 2 a ku Japan ali pakati pa 90 ndi 102 MHz, pamene kuno pali mawailesi a FM, ndipo TV zathu sizikasaka chithunzi kumeneko. Waya wa AV wa Super Nintendo ya ku UK umalowa pa Super Famicom, koma uli ndi karesisita mkati kamene kamadetsako chithunzi pa makina a ku Japan, choncho pemphani kuti makinawo abwere ndi waya wakewake.

Chinanso, musafulumire kuweruza kuti katiriji yakana chifukwa cha dera. Kuda kwa TV kochokera ku CIC ndi kochokera ku litsiro n'kofanana ndendende. Makatirijiwa akhala m'makabati zaka zambiri, ndipo fumbi la Lilongwe la mwezi wa Okutobala silisiya kabowo. Kupemerera ndi pakamwa, kumene tonse tinkachita, kumangothira chinyezi pa mano n'kuyambitsa dzimbiri. Pezani isopropyl, amene okonza mafoni amatsukira mabolodi, munyowetse kathonje ka m'khutu, mupukute mano mbali zonse mpaka kathonje katsopano katuluke koyera. Koyamba kadzatuluka kakuda ngati kapukuta mpoto. Spiriti wofiirira uja amasiya zotsalira, ndipo sandipepala amachotsa golide yemwe. Dikirani ziume musanalowetse. Yambani ndi katiriji ya SNSP imene mukudziwa kuti imagwira, kuti mutsimikize kuti makina ali bwino, kenako muziyesa zachilendozo imodziimodzi, mukuzimitsa makina nthawi iliyonse musanazule kapena kulowetsa. Magemu osunga pamene mwafika ali ndi batire la CR2032 lowotchereredwa mkati, ndipo ambiri pofika pano linatha. Gemu imayamba ndithu, kungoti mawa mudzapeza yaiwala zonse. Wokonza yemwe uja angasinthe.

Ena adzakuuzani kuti musiye zonsezi mugule katiriji ya memori khadi, ngati EverDrive, imene imanyamula magemu ambirimbiri. Ndi chida chabwino, ndipo chimateteza makatiriji enieni kuti asamakhulike, koma funso lanu ndi la makatiriji amene muli nawo m'manja, ndipo chidacho sichiwawerenga. Liwiro la 50 nalonso sichilisintha. Zotengera zake zotchipa, pamodzi ndi makatiriji achinyengo a magemu ambiri m'modzi, zina zimagwiritsa ntchito matchipi a 3.3V pa makina a 5V popanda chotetezera chokwanira, ndiye pa makina amene simungapeze ena msanga ndi bwino kusamala nazo.

Mukasankha kuitanitsa adaputa, werengerani mtengo wake pamodzi ndi wotumizira komanso msonkho umene MRA ingalipiritse katundu akafika, chifukwa kanthu kakang'ono kamathera pa mtengo wodabwitsa. Nthawi zambiri kupempha wachibale wobwera kuchokera ku Joni kapena ku UK kuti akaike m'chikwama kumapepuka. Wogulitsa mumufunse zithunzi zitatu: cha kunsi, kuti muwerenge ngati timano tam'mbali tilipo, cha mpata wapamwamba, kuti muone ngati ndi wotambalala mokwanira katiriji ya ku America, ndi cha kumbuyo, kuti mutsimikize kuti mpata wachiwiri ulipodi. Maadaputa ambiri atsopano amene akugulitsidwa pa intaneti ndi a mpata umodzi, opangidwira kusinthana pakati pa Japan ndi America, ndipo amalembedwa kuti amagwira pa Super Nintendo osatchula kuti ya dera liti. Yoteroyo pa makina a ku UK idzangothandiza katiriji ya ku America kulowa, koma TV idzakhalabe bii.